Chimangirizo chamtsutso pa MSCE: ana a Fomu 4 tiwakonzekeretse bwanji kuti nthawi isawathere?

aNachisale: Aphunzitsi anzanga, ndithandizeniko nzeru. Ana a Fomu 4 akamalemba nthano kapena chimangirizo chofotokoza zinthu, zimayenda ndithu. Koma mutu ukangobwera wamtsutso, wakuti "vomerezani kapena tsutsani", ndiye mavuto. Ena amalemba mbali zonse ziwiri mpaka kumapeto osaonetsa pamene aima, ena nthawi imawathera ali m'ndime yachitatu. Kwatsala masabata 8 kuti mayeso a MANEB ayambe. Tiyambire pati, nanga periyodi ya mphindi 40 tiigwiritse ntchito bwanji?

aNgozo: Madamu, sabata yoyamba musawalembetse chimangirizo chathunthu ngakhale chimodzi. Nthenda mwaitchula kale: satenga mbali. Lembani mitu 10 pabolodi, monga "Ophunzira aziloledwa kubwera ndi mafoni kusukulu", "Sukulu zogonera komweko n'zabwino kuposa zoyendera", "Boma liletseretu kugulitsa makala m'mizinda". Mutu uliwonse muwapatse mphindi 2 kuti alembe chiganizo chimodzi chokha chokhala ndi zinthu ziwiri: mbali yomwe atenga ndi zifukwa zake mwachidule. Chiganizo chokhala ndi mawu oti "zimatengera", "penapake" kapena "mbali zonse zili ndi ubwino wake" chifufutidwe, alembe china.

Auzeni momveka kuti m'chimangirizo chamtsutso iwo si amfumu oweruza mlandu ayi. Iwo ndi nkhoswe yolankhulira mbali imodzi pabwalo. Nkhoswe imamvetsera zomwe enawo akunena, imavomera pomwe pali zoona, koma siiwala yemwe yabwerera.

Bambo Mwale: Ndiwonjezereko pa zomwe anena aNgozo. Ana ambiri amasankha mbali ndi mtima, kapena amasankha yomwe akuganiza kuti wochonga akondwera nayo. Zonsezi n'zolakwika. Wochonga sapereka malikisi chifukwa chakuti akugwirizana ndi mwana. Akuona ngati mfundo zatambasulidwa, ngati zasanjidwa bwino komanso ngati chiyankhulo chili cholondola. Ndiye njira yake ndi iyi: mwana ajambule mzere pakati pa pepala, kumanzere "inde", kumanja "ayi", alembe mawu amodzi kapena awiri pa mfundo iliyonse kwa mphindi 2. Mbali yomwe yatulutsa mfundo zitatu zokhala ndi zitsanzo zenizeni ndiyo atenge, ngakhale mumtima mwake akhale wa mbali inayo. Mfundo yamphamvu kwambiri ya mbali yotsalayo asaitaye, idzagwira ntchito m'ndime yoyankha otsutsa.

Mayi Gondwe: Nkhani ya nthawi ndi masamu chabe, koma ana sitiwachitira masamuwo. Malire a mawu amalembedwa papepala la mafunso ndipo mwana aziwerenga malangizowo nthawi zonse, koma pokonzekera azolowere kulemba mawu apakati pa 350 ndi 500. Tiyeni titenge mawu 420, ndipo tinene kuti pa nthawi ya pepala lonse mwana wapatula mphindi 50 za chimangirizo. Zigawidwe motere: mphindi 3 kuwerenga mitu yonse ndi kusankha umodzi, mphindi 5 kukonza pulani, mphindi 35 kulemba, mphindi 7 kuwerenganso ndi kukonza. Mawu 420 pa mphindi 35 ndiye kuti mawu 12 pa mphindi. Mwana wa Fomu 4 amakwanitsa zimenezi bwinobwino ngati akudziwa chomwe akufuna kulemba. Amene nthawi imawathera si olemba pang'onopang'ono kwenikweni. Ndi amene amaima pakati pa ndime, cholembera chili kukamwa, kuganiza mfundo yotsatira. Mphindi 5 za pulani zimapulumutsa mphindi zambiri zoterezo.

Mawuwo agawidwe motere: chiyambi 50, ndime zitatu za thunthu 90 iliyonse, ndime yoyankha otsutsa 60, mathero 40.

Ndipo asamawerenge mawu limodzilimodzi m'chipinda cha mayeso, kumeneko n'kuotcha nthawi. Mwana aliyense awerenge mawu a m'mizere 5 ya zomwe analemba kale, agawe ndi 5, adziwe kuti pamzere amalembapo mawu angati. Wolemba mawu 7 pamzere akufunika mizere 60, wolemba mawu 9 akufunika mizere pafupifupi 47. Achite zimenezi padera pa Chichewa ndi pa Chingerezi, chifukwa mawu a Chichewa ndi aatali, "ndikanawafotokozera" ndi liwu limodzi koma ladya theka la mzere. Mwana wozolowera kuti tsamba limodzi ndi theka lakwana pa Chingerezi amapezeka kuti pa Chichewa wapereweza.

aNachisale: Zamveka, Mayi Gondwe. Koma pulani ya mphindi 5 izioneka bwanji? Ambiri ukawauza za pulani amalemba chimangirizo chonse kuseri kwa pepala kenako n'kuyamba kukopera.

Mayi Gondwe: Chimenecho ndicho chimawapha. Kulemba kawiri sikutheka pa nthawi ya mayeso. Pulani isapitirire mizere 6 ndipo musamakhale ziganizo zathunthu. Pa mutu wa makala uja, wotsutsa angalembe chonchi:

Mbali: ndikutsutsa kuletseratu
1. m'tauni mulibe china chophikira: magetsi, gasi, mbaula
2. lamulo lilipo kale, layisensi, vuto n'kulitsata
3. malonda apita mobisa, mtengo ukwera, ovutika ndi osauka
Enawo: nkhalango zikutha, madzi osefukira
Mathero: makala ovomerezeka, kubzala mitengo, gasi wotsika mtengo

Basi. Mawu osakwana 50. Akamaliza kulemba adule pulaniyo ndi mzere umodzi kuti wochonga asaiyese gawo la chimangirizo.

aNgozo: Sabata yachiwiri ndi yachitatu zithere pa ndime imodzi yokha. Apa ndi pomwe pagona malikisi ambiri, ndipo ndi pomwe ana amatayira. Onani ndime yomwe imapezeka m'makope ambiri:

"Choyamba makala ndi ofunika kwambiri. Anthu ambiri amagwiritsa ntchito makala. Popanda makala anthu akhoza kuvutika. Choncho makala ndi ofunika pa moyo wa munthu."

Ziganizo zinayi, mfundo imodzi yongozungulira pamalo amodzimodzi. Mwanayu akuganiza kuti watambasula, chonsecho wangobwereza. Ndime yamtsutso imafuna zinthu zinayi motsatana: mfundo, chifukwa chake, chitsanzo chooneka ndi maso, ndi chiganizo chobwezera ku mutu. Taonani ndime yomweyo ikakonzedwa:

"Choyamba, kuletseratu makala lero kungasiye mabanja ambiri a m'tauni opanda chophikira. M'madera ngati Ndirande, Kawale ndi Chibavi, nyumba zambiri zimadalira mbaula chifukwa zina zilibe magetsi, ndipo ngakhale zomwe zili nawo sizingawadalire tsiku lililonse. Mwachitsanzo, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi ankazima kwa maola ambiri ndipo anthu ankaphika ndi makala. Gasi naye amafuna kuti munthu ayambe wagula silinda ndi chitofu, zomwe wochita maganyu sangakwanitse nthawi imodzi. Choncho chiletso chobwera njira zina zisanakonzeke chingalange wophika m'malo moteteza nkhalango."

Njira yophunzitsira: mulembe chiganizo choyamba pabolodi, ana onse afunse mokweza kuti "Chifukwa chiyani?", mmodzi ayankhe. Afunsenso "Monga kuti?", wina apereke chitsanzo. Pomaliza "Ndiye zikukhudza bwanji mutu?" Mafunso atatu amenewa akalowa m'mutu, mwana amadzifunsa yekha m'chipinda cha mayeso. Kenako aliyense alembe ndime imodzi pa mphindi 8, wotchi ili poonekera. Periyodi imodzi imalola ndime ziwiri ndi kukambirana.

Abiti Saidi: Chitsanzo cha Kapichira chandikumbutsa vuto lina. Ana akamva kuti umboni umapatsa malikisi, amayamba kupeka. Mupeza "kafukufuku waonetsa kuti anthu 90 mwa 100 alionse", osatchula kuti kafukufuku wa ndani. Wochonga ndi mphunzitsi ngati ife, amazizindikira msanga, ndipo akangokayikira chiwerengero chimodzi amayamba kukayikira ndime yonse. Ndi bwino ana akhale ndi tsamba limodzi kumapeto kwa kope la zinthu zoona zochepa zomwe zingalowe m'mitu yambiri. Mwachitsanzo: maphunziro aulere a pulayimale anayamba mu 1994. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 17.5 miliyoni. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Malamulo oletsa mapulasitiki opyapyala anakhazikitsidwa mu 2015. Namondwe Freddy anagwa mu Malichi 2023 ndipo matope ochokera m'phiri la Soche anakokolola nyumba ku Chilobwe. Lamulo la nkhalango la 1997 limafuna layisensi kuti munthu aotche makala. Zisanu ndi chimodzi zokhazi zikhoza kuthandiza pa mitu ya maphunziro, maukwati a ana, kuchuluka kwa anthu ndi chilengedwe. Mwana akaiwala chaka asapeke, angonena kuti "zaka zingapo zapitazo".

Ndipo chitsanzo sichiyenera kukhala cha m'nyuzipepala nthawi zonse. Kalasi ya ana 100 yokhala ndi mabuku 10, mtsikana woyenda makilomita angapo kupita ku sekondale yoyendera (CDSS), mtsinje wodzaza majumbo: zonsezi ndi umboni, bola zilembedwe mooneka.

Bambo Mwale: Abiti, nanga miyambi? Pa pepala la Chichewa ine ndimaona kuti mwambi woikidwa pamalo pake umakometsa chimangirizo ndipo umaonetsa kuti mwana chiyankhulo amachidziwa.

Abiti Saidi: Umakometsa, achimwene, sindikukana. Koma mwambi si umboni. "Mutu umodzi susenza denga" sutsimikiza kuti sukulu zogonera n'zabwino, wotsutsa akhoza kutchula mwambi womwewo n'kuimira mbali inayo. Umodzi pa chimangirizo chonse wakwana, ndipo ubwere mfundo itatambasulidwa kale, osati m'malo mwa chitsanzo. Choipa kwambiri ndi kutenga mwambi wa Chichewa n'kuumasulira liwu ndi liwu pa pepala la Chingerezi. Zimatuluka zosamveka.

aNgozo: Ine ndili mbali ya Abiti, makamaka pa chiyambi. Chiyambi chikhale ziganizo zitatu: chimodzi chosonyeza vuto lomwe likukambidwa, chimodzi chonena mbali, chimodzi chotchula zifukwa zitatu mwachidule. Ana amataya mphindi 10 akutanthauzira mawu odziwika kale, "makala ndi zinthu zakuda zochokera ku mitengo", kapena kuyamba ndi "kuyambira kalekale makolo athu". Palinso aja oloweza chiyambi chimodzi chokongola n'kumachimata pa mutu uliwonse. Chimaonekeratu, chifukwa chiyankhulo cha ndime yoyamba chimakhala chapamwamba, yachiwiri n'kugwa pansi. Chomwe angaloweze ndi kasanjidwe, osati ziganizo.

aPhiri: Akuluakulu, pa ndime yoyankha otsutsa ine ndili ndi nkhawa. Kwa ana ofooka, kodi si bwino kuisiya? Akangoyamba kulemba maganizo a mbali inayo amatengeka nawo, mathero n'kutsutsana ndi chiyambi.

Mayi Gondwe: Nkhawa yanu ndi yoona, aPhiri, koma mankhwala ake si kuisiya. Ndi kuimanga chingwe. Ikhale ziganizo zitatu kapena zinayi basi, ndipo ikhale ndi mawu olowera ndi otulukira okhazikika. Kulowa: "Ena anganene kuti...". Kuvomera pang'ono: "N'zoona kuti...". Kutuluka: "Komabe...". Mwachitsanzo: "Ena anganene kuti nkhalango zikutha ndipo chiletso chokha ndicho chingazipulumutse. N'zoona kuti mapiri ambiri ayera ndipo madzi osefukira akuononga midzi. Komabe, lamulo loletsa kuotcha makala popanda layisensi lilipo kale koma matumba akulowabe m'mizinda tsiku ndi tsiku, zomwe zikusonyeza kuti chosowa si chiletso china ayi, koma njira zina zophikira." Lamulo lake n'lakuti gawo la "komabe" likhale lalitali kuposa gawo la "ena anganene". Mwana akalemba mfundo ziwiri za otsutsa n'kuyankha imodzi, wadzigonjetsa yekha. Ndiye mfundo ya otsutsa ikhale imodzi.

Iikidwe pambuyo pa ndime zitatu za thunthu, osati patsogolo. Ikakhala patsogolo, wochonga amafika pakati pa tsamba asanaone mbali ya mwana, komanso nthawi ikatha mwana amatsala ndi mfundo za adani zokhazokha.

aPhiri: Chabwino, ndagonja, koma kwa amene Chingerezi chimawavuta kwambiri ndiumirirabe kuti ndime zitatu zoyera ziposa zinayi zosokonekera. Pa MSCE mwana akalephera Chingerezi satifiketi palibe, ndiye kwa ena cholinga ndi kuchoka pa giredi 9, yomwe ndi yolephera, kufika pa 8 kapena 7, osati kuthamangira 1. Amenewa alembe ziganizo zazifupi, mawu 10 mpaka 15, nthawi ya aneni imodzimodzi, ndipo mawu aakulu omwe sadziwa kalembedwe kake awasiye.

Mayi Gondwe: Pamenepo tagwirizana.

aNachisale: Vuto langa lina ndi kuchonga. Kalasi ya ana 80, chimangirizo chilichonse mphindi 5, ndiye kuti maola pafupifupi 7. Sabata iliyonse sizingatheke.

Bambo Mwale: Sizingathekedi, ndipo kufiiritsa tsamba lonse ndi cholembera sikuphunzitsa mwana kanthu. Amangoyang'ana malikisi n'kupinda pepala. Gawani kalasi m'magulu 4 a ana 20. Onse alembe, koma inu muchonge mozama gulu limodzi pa sabata, mosinthanasinthana. Enawo asinthane makope n'kuyankha mafunso atatu olembedwa pabolodi: Dula mzere kunsi kwa chiganizo chosonyeza mbali ya mnzako, chilipo? Ika nyenyezi pa chitsanzo cha m'ndime iliyonse, ndi ndime iti ilibe? Mathero akugwirizana ndi chiyambi? Mafunso amenewa mwana aliyense akhoza kuyankha popanda kukhala katswiri wa malamulo a chiyankhulo.

Pochonga inu, musamakonze zolakwika. Ikani chizindikiro m'mphepete, K pa kalembedwe ka mawu, Z pa zizindikiro za m'kalembedwe, ? pomwe sipakumveka, mwana apeze yekha cholakwacho pamzerewo n'kulembanso ndime imodzi yokha. Komanso funsani ku ofesi ya aphunzitsi aakulu ngati malipoti a akuluakulu ochonga mayeso a MANEB alipo. Amanena zomwe ana analakwitsa kwambiri m'zaka zam'mbuyo, koma m'sukulu zambiri amangogona mu kabati.

Abiti Saidi: Pa mphindi 7 zomaliza zija, mwana asangowerenga mwachisawawa, chifukwa maso amaona zomwe amafuna kulemba osati zomwe walemba. Apite ndi mndandanda wa zolakwika zake zitatu zomwe amabwereza. Pa Chichewa zofala ndi izi: kusokoneza l ndi r, pamene lamulo lake n'losavuta, r amabwera pambuyo pa i ndi e monga mu "kwambiri" ndi "bwera", kuiwala kachizindikiro ka mu "m'mudzi" ndi "ng'ombe", kudula mawu ngati pa WhatsApp, kulowetsa "so" ndi "but" pakati pa chiganizo, ndi ndime yonse yopanda mpumiro, yongolumikizidwa ndi "ndipo... ndipo... ndipo". Pa Chingerezi zofala ndi kugwirizana kwa mwininkhani ndi mneni, kusinthasintha nthawi ya aneni, ndi kusokoneza "he" ndi "she". Pokonza adule liwu ndi mzere umodzi n'kulemba lolondola pamwamba, osati kupaka mpaka pepala kubooka.

aNgozo: Tisaiwale kuti mtsutso sumabwera nthawi zonse utavala dzina lake. Funso likhoza kunena kuti lembani kalata kwa mkonzi wa nyuzipepala, kapena zomwe mungalankhule pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Mkati mwake ndi mtsutso womwewo, koma kunja kumafuna maonekedwe ake. Kalata yantchito ikhale ndi makeyala awiri, tsiku, malonje, mutu ndi mawu otsanzikira. Zolankhula ziyambe ndi kulonjera anthu motsata maudindo, koma mizere iwiri yakwana. Ena amalonjera mfumu, khansala, abusa, mashehe, komiti yonse mpaka theka la tsamba, mfundo isanayambe. Muwaphunzitse kudula mzere kunsi kwa zinthu zitatu pa funso: ndikulemba chiyani, kwa yani, ndipo andiuza mbali kapena ndisankhe ndekha? Funso likati "tsutsani", mwana wovomereza wasochera ngakhale alembe mokoma bwanji. Mawu ang'onoang'ono monga "onse", "okha", "liletseretu" awaonenso, chifukwa nthawi zambiri mtsutso wagona pamenepo.

Mayi Gondwe: Ndiye madamu Nachisale, masabata anu 8 aja. Yoyamba kusankha mbali ndi pulani. Yachiwiri ndi yachitatu ndime za thunthu. Yachinayi chiyambi, kuyankha otsutsa ndi mathero. Kuyambira yachisanu, chimangirizo chathunthu kamodzi pa sabata pa periyodi ziwiri zotsatizana, mphindi 80: mphindi 50 kulemba, 30 kusinthana makope ndi kukambirana. Ulendo woyamba muziwauza nthawi mokweza, "siyani pulani, yambani kulemba", "mukhale muli m'ndime yachitatu". Ulendo wachiwiri mungolemba nthawi pabolodi. Maulendo awiri omaliza musanene kanthu, adziyang'anire okha, ndipo mutu asaudziwiretu. Chimangirizo cholembera kunyumba chilibe phindu pa nkhani ya nthawi, mwana amachilemba usiku wonse kapena amalemberedwa. Periyodi zinazo zipite ku mitundu ina ya chimangirizo, chifukwa palibe akudziwa mitu yomwe idzabwere.

aNachisale: Zikomo kwambiri nonse. Funso lomaliza: mwana akayang'ana wotchi n'kupeza kuti kwatsala mphindi 10 ali pakati pa ndime yachiwiri, achite chiyani?

Bambo Mwale: Amalize ndime yomwe ali nayoyo ndi chiganizo chimodzi. Mfundo yachitatu ailembe m'ziganizo ziwiri, mfundo ndi chitsanzo, zitenge mphindi 3. Ndime yoyankha otsutsa aidumphe. Alembe mathero a ziganizo ziwiri, kubwereza mbali yake ndi kunena chomwe chichitike komanso woti achichite, osalowetsamo mfundo yatsopano. Mphindi 2 zotsalazo aone ngati walemba nambala ya funso ndi nambala yake ya mayeso. Zimenezi muziyeserenso m'kalasi: tsiku lina apatseni chimangirizo cholembedwa theka, pamodzi ndi pulani yake, muwauze kuti ali ndi mphindi 10 zokha kuti achitseke.